Funsani Makaniko: pampu ya zitsulo kapena ya kompyuta?

Makalata a mwezi uno akuchita ngati munakhala pansi n'kupangana. Pafupifupi onse akuzungulira pa nkhani imodzi: amene amayeza mafuta olowa mu injini ya galimoto yakale ndani, zitsulo ndi masipuling'i kapena kompyuta ndi mawaya, nanga wabwino ndi uti. Ndasankhapo 6. Ena ndawadula mchira chifukwa cha malo, mundikhululukire.

A Makaniko, ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndigule galimoto yadizilo. Ndapeza ziwiri: Hilux ya injini ya 3L ndi Surf ya 1KZ-TE. Malume anga akuti ndisayerekeze kugula ya kompyuta chifukwa ikafa yafa basi, pomwe ya pampu wamba munthu amaikonzera pansi pa mtengo. Akunena zoona?
*Wogula koyamba*

Malume anu akunena zoona, koma sanamalize. Ndiyambe ndi pamene aphonya, chifukwa ndi pamene anthu amatayira ndalama.

Pampu ya dizilo sikonzedwa pansi pa mtengo. Ya pa 3L ndi ya mtundu umene a Bosch anautcha VE, anayamba kuupanga m'ma 1970, ndipo a Denso amapanganso yofanana nayo. M'kati mwake muli kapisitoni kamodzi kokha, kosaposa chala chaching'ono kunenepa, kamene kamazungulira kwinaku kakupita kutsogolo ndi kumbuyo. Kupita kutsogoloko ndiko kukankha mafuta, kuzungulirako ndiko kusankha silinda yoti ilandire. Mpata wa pakati pa kapisitonika ndi bowo limene kamayendamo ndi ma micron owerengeka ndi zala, pomwe tsitsi limodzi la munthu limafika ma micron pafupifupi 70. Mukatsegula pampu yotere pabwalo pa mphepo, kamchenga kamodzi kakwanira kuilemba mizere m'kati. Ndipo ngakhale mutaibwezera bwinobwino, simungadziwe ngati silinda iliyonse ikulandira mofanana popanda kuimanga pa makina oyesera. Ine ndagwira sipanala zaka zambiri, koma pampu ndimaichotsa, n'kuikulunga, n'kuipereka kwa amene ali ndi makinawo.

Chimene chimakonzedwa pansi pa mtengo ndi zozungulira pampuyo, ndipo apa malume anu ndikuwavomereza ndi manja awiri. Ikalowa mphepo mu mapaipi, mumapopa pa sefa, n'kumasula pang'ono nati ya pa nozo (chopopera mafuta mu injini), n'kuliza sitata mpaka thovu litatha. Sefa ikatseka, mumasintha. Za magetsi, pampu yonseyo ili ndi waya mmodzi wofunika, wopita ku kavavu kamene kamatsegula njira ya mafuta mukatembenuza kiyi. Ukafika magetsi pamenepo, dizilo n'kukhala woyera, injini iyenda ngakhale dashibodi yonse itazima.

Kuchuluka kwa mafuta kumayezedwa ndi ndewu ya zinthu ziwiri. Phazi lanu limakoka sipuling'i. Tizitsulo tolemera timene timazungulira m'pampu timatambasuka injini ikamathamanga, n'kumalimbana ndi sipuling'iyo. Pamene ziwirizi zagwirizanirana m'pamene pamaima kamphete kamene kamatsegula bowo lotayira mafuta otsala. Basi, nzeru zake zonse ndi zimenezo. Pampuyo sidziwa ngati kunja kukuzizira, sidziwa ngati sefa ya mpweya yadzaza fumbi. Imangothira monga anaichunira, n'chifukwa chake 3L yotopa imafuka utsi wakuda pachitunda.

Tsopano 1KZ-TE. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi chinthu chachilendo kotheratu, koma mukaiyang'ana pampu yake muona kuti ndi m'bale wake wa yomwe ija. Kapisitoni n'komweko, manozo ndi otseguka ndi pulesha monga akale. Chimene anachotsa ndi tizitsulo tolemera tija ndi kamphete kaja, n'kuikapo vavu yamagetsi imene amisiri amati spill valve. Kompyuta imamva kuthamanga kwa injini, kutentha kwa madzi, kutentha kwa mpweya, mphamvu ya turbo ndi pamene phazi lanu lafika, kenako imalamula vavuyo nthawi yoti itaye mafuta, n'kulamulanso ina yosuntha tayimingi. Zotsatira zake mumazimva pampando: imalira msanga m'mawa, utsi ndi wochepa, imakoka bwino. Kukokako musakupereke konse kwa kompyuta. Ndi injini ya malita 3.0 yokhala ndi turbo, pomwe 3L ndi ya malita 2.8 yopanda turbo.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kafedwe. Ya zitsulo imadwala pang'onopang'ono ndipo imakuuzani: lero yavuta kulira ikatentha, mwezi wamawa yayamba utsi, mumakhala ndi nthawi yokonzekera. Ya kompyuta imatha kuyenda bwino m'mawa, masana n'kungozima panjira chifukwa kawaya kamodzi kathothoka pa sensa. Vuto limakhala laling'ono kuposa la pampu yotha, koma silioneka ndi maso, ndipo munthu wopanda mita amayamba kusintha zinthu zabwinobwino.

Opanga galimoto akudziwa zimenezi. A Toyota anatulutsa injini ya 1HZ mu 1990 ndipo anapitiriza kuiika mu Land Cruiser 70 kwa zaka zambiri ili ndi pampu ya zitsulo, chifukwa ogula ake ndi a migodi ndi mabungwe ogwira ntchito kutali ndi magalaja. A Land Rover atabweretsa Td5 ya kompyuta mu 1998 sanasiyiretu 300Tdi, anapitiriza kuipangira mayiko ena.

Ndiye mugule iti? Ngati galimotoyo izikagwira ntchito kumene wodziwa mawaya kulibe, tengani 3L, muvomereze kuti ndi yaulesi pachitunda. Ngati muli ndi munthu wa zamagetsi amene mumamukhulupirira, 1KZ-TE musaiope. Koma pa iyoyo ine chimene ndingayambe kuyang'ana si kompyuta ayi. Hedi yake ndi ya aluminiyamu ndipo sigwirizana ndi kutentha. Tsegulani chotsekera cha radiator injini ili yozizira, muilize, muone ngati mukutuluka thovu losalekeza. Likamatuluka, bwezani kiyi kwa mwini wake, mutsanzike.

Bambo Makaniko, malemu bambo anga anandisiyira Mercedes-Benz 230E ya 1983. M'mawa imalira kamodzi. Koma ndikayenda n'kuizimitsa kwa theka la ola, imandichititsa manyazi, sitata imalira mpaka anthu kuyamba kundiyang'ana. Makaniko wina akuti tichotse zonsezo tiike kabuleta. Ndivomere?
*Mayi wosafuna kugulitsa galimoto ya bambo ake*

Ayi, Mayi, musavomere. Matenda amene mwafotokozawa ndi odziwika ndipo mankhwala ake ndi aang'ono. Makaniko wanuyo akufuna kudula mwendo chifukwa cha minga.

Galimoto yanu ili ndi K-Jetronic ya Bosch, imene inayamba pa Porsche 911 mu 1973 n'kufalikira ku Volkswagen Golf GTI, Volvo 240, Audi ndi Mercedes-Benz zambiri. Chilembo K chikuchokera ku liwu lachijeremani lotanthauza chinthu chosalekeza, chifukwa manozo ake satseka n'kutsegula ngati a masiku ano. Injini ikangolira amapopera mosalekeza, chimene chimasintha ndi kuchuluka kokha. Kompyuta mulibe. Pampu yamagetsi imakankha petulo pa pulesha ya pafupifupi 5 bar. Mpweya wolowa mu injini umakankha kambale kozungulira kamene kali pakamwa pa chitsulo chonga fanulo, kambaleko kamasuntha mkono, mkonowo umakweza kapisitoni m'kati mwa chogawira mafuta, chija chooneka ngati kangaude chifukwa cha timapaipi tochoka pamutu pake. Kapisitonika kakamakwera kamatsegula timing'alu topyapyala, ta 0.2 mm m'lifupi, kamodzi pa silinda iliyonse. Mpweya wambiri, kambale kasuntha kwambiri, mafuta ambiri. Ndimachikonda chipangizochi, ndisabise. Chili ngati sikelo ya miyala, ukachimvetsa umangomwetulira.

Chofooka chake n'chakuti zonse zimadalira pulesha. Mukazimitsa injini yotentha, petulo wa m'mapaipi a pamwamba pa injini amafuna kuwira. Chimene chimamuletsa ndi pulesha yotsalira, ndipo imasungidwa ndi zinthu ziwiri zimene zili pansi kumbuyo, pafupi ndi thanki: kavavu koletsa mafuta kubwerera kamene kali pakamwa pa pampu, ndi kachitini kokhala ndi sipuling'i ndi chikopa cha labala m'kati, kotchedwa accumulator. Chimodzi mwa izi chikatha, pulesha imathawa m'mphindi zochepa, petulo amasanduka nthunzi, ndipo sitata iyenera kulira mpaka nthunziyo itatuluka yonse. M'mawa zonse zimakhala zitazizira, komanso pali nozo yachisanu yothandiza kuliza injini yozizira, n'chifukwa chake imalira kamodzi. Zaka zoposa 40 n'zambiri kwa labala.

Pezani munthu amene ali ndi geji ya pulesha ya mafuta yokhala ndi kampopi pakati, yopangidwira K-Jetronic. Ngati alibe, asaigwire galimotoyo. Ayeze zinthu zitatu: pulesha yonse, pulesha yolamulira imene imachokera ku warm-up regulator, ndi yotsalira mukazimitsa. Yolamulirayo imayamba yotsika injini ili yozizira, kuti kambale kasunthe mosavuta mafuta achuluke, ndipo imakwera kufika cha m'ma 3.5 bar ikatentha. Yotsalirayo isagwe msanga, pakatha mphindi 20 kapena 30 izikhala ikadalipo yambiri. Ikagwa, mwapeza wakuba. Nthawi zina wakubayo amakhala nozo yodontha, ndiye azichotse aone ngati zikuchucha injini itazima.

Zinthu zitatu asachite. Asayambe ndi kupotokola kasikuluwu ka 3 mm kamene kali pakati pa kambale ndi chogawira mafuta, chifukwa kamangobisa vuto ndipo kubwezera pamalo pake popanda makina oyeza utsi n'kovuta. Asapale kapisitoni kaja ndi sandipepa, kanapangidwira bowo lake lokha. Ndipo asakanikize kambale nthawi yaitali pampu ikulira injini itazima, chifukwa petulo adzadza m'masilinda.

Mdani wina wa K-Jetronic ndi kukhala. Galimoto ikaima chaka, petulo amauma n'kusiya utomoni, madzi a m'thanki amabala dzimbiri, timing'alu tija timatseka. Muziiyendetsa sabata iliyonse, imakonda zimenezo.

Kwa ena amene muli ndi 190E kapena 230E ya thupi la W124: yanu ndi KE-Jetronic, yomweyi koma anaiwonjezera kakompyuta ndi kavavu kamagetsi m'mbali mwa chogawira. Kompyutayo imangokonza pang'ono zimene zitsulo zayeza kale, moti itafa mumafikabe kunyumba.

Achimwene, Corolla yanga ya injini ya 4A-FE yayamba kumwa mafuta ngati lole, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda, mapulagi akuda bii. Anthu awiri andiuza kuti kompyuta yapsa. Galimoto yanga yakale ya kabuleta sinkandivutitsa chonchi. Ndigule kompyuta ina?
*Wotopa ndi kuthira mafuta*

Musagule kaye. Pa galimoto zonse zimene zafika m'manja mwanga eni ake akuti kompyuta yapsa, zimene inapsadi ndingaziwerenge osamaliza zala. Kabokosi kameneka kamanamiziridwa chifukwa sikatha kudziyankhira.

Mantha amenewa ali ndi pochokera. Kuyesa koyamba kunalephereka ndithu. Mu 1958 a Chrysler anaika Electrojector ya kampani ya Bendix pa galimoto zochepa kwambiri, ndipo pafupifupi zonse anazibweza n'kuziika makabuleta chifukwa zamagetsi za nthawiyo sizinkapirira kutentha ndi chinyezi. A Bosch anatenga nzeruyo n'kuikonza, mu 1967 n'kutulutsa D-Jetronic pa Volkswagen 1600. Kenako kunabwera L-Jetronic, ndipo mu 1976 Volvo inayamba kugwiritsa ntchito sensa ya mu ekizozi imene imanunkhiza utsi n'kuuza kompyuta ngati mafuta achuluka kapena achepa. Apa m'pamene zitsulo zinagonjera. Injini ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta kuti zipse bwino, ndipo palibe sipuling'i imene ingasunge muyeso umenewu m'mawa, masana, paphiri ndi kuchigwa, injini ili yatsopano ndiponso itakalamba. Kompyuta imadzikonza kangapo pa sekondi iliyonse. Pa dizilo ndimatha kukangana ndi munthu, koma pa petulo ayi: 4A-FE ili bwino imaposa kabuleta ndi K-Jetronic yomwe, pa kamwedwe, pa kulira m'mawa, ngakhale pa kusavuta kukonza.

Kompyuta imachita zimene yauzidwa. Ikathira mafuta ambiri, wina akuinamiza, ndipo ntchito yanu ndi kupeza wabodzayo. Yambani ndi kuifunsa yokha. Pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Tengani kawaya, mulumikize mabowo olembedwa TE1 ndi E1, mutembenuze kiyi osaliza injini, muyang'ane nyali ya injini pa dashibodi. Ikamaphethira mofanana osapumira, palibe chimene yasunga. Ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethiranso kawiri, imeneyo ndi 22, sensa ya kutentha kwa madzi. 21 ndi sensa ya mu ekizozi, 31 ndi yoyeza mpweya. Simufunika makina odula, nyaliyo ndi yokwanira.

Ngakhale isaonetse kanthu, sensa ya madziyo muiyeze ndi mita. Injini ili yozizira, pa madigiri 20, izionetsa pakati pa 2,000 ndi 3,000 ohm. Itatentha, pa madigiri 80, itsike kufika pa 200 mpaka 400. Pulagi yake ikachita dzimbiri nambala imakhala yokwera nthawi zonse, kompyuta imaganiza kuti kudakali m'mawa, ndipo imathira mafuta a injini yozizira tsiku lonse. Sidandaula chifukwa nambalayo ndi yotheka, kungoti ndi yabodza.

Funso langa kwa inu: thermostat, kavavu kotsekera madzi mpaka injini itatentha, ilimo? Pali amisiri amene galimoto ikangotentha amaichotsa n'kuitaya. Pa kabuleta zinkapitirira osaonekera kwambiri. Pa injini ya kompyuta, madzi akapanda kufika pa kutentha kwake, zotsatira zake ndi zomwe mwalembazi.

Zikakhala bwino zimenezo, tsatani kapaipi ka labala kochoka pa manifold kupita ku sensa ya mpweya. Kakang'ambika, sensa imaona ngati mwaponda moto mpaka pansi. Kenako zulani kapaipi kopita ku regulator ya pulesha, kumapeto kwa chitsulo chimene manozo amamangidwapo, mukanunkhize. Mukamveka petulo, chikopa cha m'kati chabooka ndipo injini ikuyamwa mafuta osayezedwa.

Ndikuuzeni za galimoto ina ya m'ma 1990 imene inabwera kwa ine pa chingwe. Mwini wake anali atagula makompyuta awiri, achitatu ali m'njira. Inkayenda bwino, kenako n'kuyamba kudukiza, makamaka pa msewu wa mabampu. Ndinakhala nayo masiku awiri, ndipo tsiku loyamba nanenso ndinasochera, ndinasintha sefa ya mafuta yosalakwa. Tsiku lachiwiri ndinaisiya ikulira n'kumagwedeza mawaya mmodzimmodzi. Nditagwira mtolo wina kuseri kwa injini, inazima. Bawuti yomangira mawaya a earth inali yomasuka, pansi pake pali dzimbiri lobiriwira. Ndinapala, n'kumanga, n'kubwezeramo kompyuta yake yoyamba ija. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku loyamba lija ine sindinadekhe.

Kompyuta imafa ndithu, koma kawirikawiri imachita kuphedwa: kulumikiza batire mopingasa, kuwotcherera chitsulo pagalimoto osachotsa batire, kuzula waya wa batire injini ikulira poyesa alternator, kapena madzi olowa pansi pa dashibodi. Za m'ma 1990 zilinso ndi matenda a ukalamba, ma capacitor a m'kati amatha kudontha n'kudya tinjira ta pabolodi. Wokonza mawailesi waluso amawasintha. Mukafika poikayikira, itseguleni muone ndi maso musanatulutse ndalama.

A Makaniko, mnzanga anapotokola sikuluwu ina kumbuyo kwa pampu ya galimoto yake yadizilo ndipo ikuthamanga ngati yatsopano. Ndi sikuluwu iti, ndipo ndipotokole kangati?
*Mnyamata wa pikapu*

Ndikuidziwa, ndipo sindikuuzani. Anaimanga ndi kachitsulo kapena kawaya pa chifukwa.

Sikuluwuyo imawonjezera mafuta koma siwonjezera mpweya. Mphamvu imakweradi pang'ono, yotsalayo imasanduka utsi ndi moto wa mu ekizozi. Geji ya pa dashibodi imayeza madzi, siona kutentha kumeneko, ndiye mumakwera phiri mukuimba mluzu pisitoni ikusungunuka m'mphepete, hedi ikung'ambika. Mukapitirira muyeso injini imachedwa kutsika mukachotsa phazi, ndipo imatha kuthawa osamveranso phazilo. Walira mvula walira matope. Muyendere kumbuyo kwa mnzanuyo pachitunda muone chimene chikutuluka.

Apa pokha ndimayamikira ya kompyuta ngakhale pa dizilo: ilibe sikuluwu yoti munthu aiseweretse Loweruka masana. Ngati yanu yafooka, sinthani sefa ya mpweya ndi ya mafuta, muchunitse mavavu, mukayezetse manozo ndi tayimingi. Mphamvu imene mukuifunayo yambiri inathawira kumeneko.

Bambo, pampu ya minibasi yanga yayamba kuchucha dizilo pamwamba pomwe pamalowa kamkono ka moto, chonsecho ikukoka bwino. Wina akuti ndi dizilo wa masiku ano. Winanso akuti ndizisakaniza ndi palafini kuti manozo ayere. Nanga ndikadzagula ya D-4D zimenezi zidzatha?
*Woyendetsa minibasi*

Woyambayo ali ndi mfundo. Dizilo wochotsedwa sulufule amasiyana ndi wakale m'kapangidwe, ndipo timalabala takale timene tinazolowera kufufuma ndi dizilo wakaleyo timanyala n'kuuma. Onjezanipo zaka. Kuchucha kwa pamwambapo si imfa ya pampu, ndi timalabala tokha, ndipo amene amakonza mapampu amaika ta mtundu wa Viton timene timapirira. Musachedwe nazo, chifukwa pamene dizilo akutulukira m'pamenenso mphepo imalowera usiku, m'mawa n'kumavutika kuliza.

Wachiwiriyo musamumvere. Pampu ya VE ilibe oyilo wakewake, chimene chimaitereretsa m'kati ndi dizilo yemweyo. Palafini ndi wouma, satereretsa, ndipo zitsulo zimayamba kudyana. Mapampu aatali a pa malole, amene ali ndi kapisitoni pa silinda iliyonse, mtundu umene a Bosch anayamba kupanga mu 1927, amapirirako chifukwa kunsi kwake kumayenda oyilo wa injini. Nkhani zoti galimoto yakale imamwa chilichonse zinachokera kumeneko, ndipo anthu amazisamutsira pa pampu yosayenera. Madzi ndiye oipa koposa. Pansi pa sefa pali kampopi kotayira madzi, muzikatsegula nthawi ndi nthawi, osadikira nyali.

D-4D ndi common rail, nyama ina kotheratu: dizilo amasungidwa pa pulesha yaikulu m'paipi imodzi yodyetsa manozo onse, ndipo manozowo amatsegulidwa ndi kompyuta. Njirayi inayamba pa malole a Hino mu 1995 ndi zipangizo za Denso, n'kufika pa galimoto zazing'ono mu 1997 ndi Alfa Romeo 156 ndi Mercedes-Benz C 220 CDI. Nozo ya minibasi yanu imatseguka pa 120 mpaka 150 bar. Common rail yoyambirira inkafika 1,350 bar, za masiku ano zimapitirira 2,000. Imakoka kwambiri, imamwa pang'ono, ndi yachete, koma dizilo wakuda amene pampu yanu ingamupirire miyezi, iyo amaiwononga msanga, ndipo manozo ake ndi odula. Mukadzaigula mudzasiyenso chizolowezi chomasula nati ya pa nozo injini ikulira. Pa pulesha imeneyo dizilo amaboola khungu n'kulowa m'thupi, ndipo anthu aduka zala ndi zimenezi.

A Makaniko, musandiseke. Ndagula Mercedes-Benz 300D yakale, ya W123. Dzulo ndazimitsa, ndachotsa kiyi, ndaika m'thumba, injini ikungolirabe. Ndinachita kuizimitsa ndi giya. Mkazi wanga akukana kukweramo.
*Mwini watsopano*

Ndaseka pang'ono, pepani. Auzeni mayi kuti galimotoyo ilibe chilichonse chachilendo, ndi injini ya zitsulo yeniyeni. Ikangolira sifunanso magetsi ngakhale pang'ono, ndiye kiyi alibe choti adule. Imazimitsidwa ndi mpweya woyamwa: mukatembenuza kiyi, kavavu kamene kali kuseri kwake kamatsegula njira, mpweya woyamwawo umakoka chikopa cha m'kachitini kamene kali pa pampu ya dizilo, chikopacho n'kukokera mkono wa mafuta pa ziro. Kapaipi kakathothoka penapake, kapena chikopacho chikabooka, palibe wokoka.

Zikachitikanso musaivutitse ndi giya. Tsegulani boneti, pafupi ndi pampu muona kachitsulo kolembedwa STOP, mukakanikize mpaka injini itazima. Kenako tsatani timapaipi tapulasitiki topyapyala, makamaka tofiirira topita kuseri kwa kiyi, muone timalabala tolumikizira. Zitseko za galimotoyi zimakiyidwanso ndi mpweya womwewo, choncho ngati zasiya kudzikiya zokha, kubooka kungakhale kumeneko. Mukapeza oyilo m'kapaipi kochoka pa kachitini ka pa pampu ya dizilo, chikopa chija chatha, sinthani kachitiniko.

Musanaiyendetsenso, pondani buleki injini ikulira. Pampu imene imapanga mpweya woyamwawu ndi yomweyo imene imafewetsa mabuleki. Buleki ikakhala yolimba ngati mwaponda mwala, vuto lili pa pampuyo kapena pa paipi yake yaikulu, ndipo galimotoyo isatuluke pageti mpaka zimenezo zitakonzedwa.